Galimoto yakale ya 4x4: idzanyamula munda, kapena munda ndiwo udzainyamula?

Chaka chilichonse, soya ndi mtedza zikagulitsidwa ndipo ndalama za thonje ndi fodya zikayamba kulowa, timalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa ena mwa inu amene munamaliza maphunziro pano. Nthawi zina limabwera pa foni, nthawi zina limabwera ndi mwini wake pa njinga yamoto. Munthu wapeza Hilux kapena Pajero yakale ku Chipata, ku Petauke kapena kwa mlamu wake ku Lusaka. Wogulitsayo akufulumira, mtengo ndi wofikirika, ndipo galimotoyo akuti ikali yolimba. Kodi ndigule?

Funsoli sitilipeputsa. Amene amalifunsa kawirikawiri si anthu ofuna kuoneka pamudzi. Ndi alimi amene anaonapo tomato akuwolera m'mabokosi pamphambano chifukwa woyendetsa amene anapangana naye sanabwere, kapena amene ananyamulapo mayi wapakati pa ngolo, usiku, mtsinje utadzaza. Munthu wotere akamva injini ya dizilo ikukwera chitunda m'matope, mtima wake umati mavuto atha. Koma ndalama zimene akufuna kutulutsa ndi thukuta la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi zina pamawonjezeka ng'ombe zapagoli. Taonapo galimoto yotere ikukweza banja. Taonanso ina itakhala pa njerwa kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikiramo mazira, mwini wake akubwereka ng'ombe za mnansi kuti alime. Mabanja awiriwa sanasiyane mwayi. Anasiyana pa zimene anachita asanapereke ndalama.

Yambani ndi kope, osati ndi galimoto

Ubwino wa 4x4 ndi umodzi wokha. Imakoka ndi mawilo onse anayi pamalo pamene galimoto wamba, yokoka ndi awiri, imangopukusa matope osasuntha. Kuti ichite zimenezi ili ndi ziwalo zina zimene inzake ilibe: giyabokosi yachiwiri yogawa mphamvu, difu yakutsogolo, shafti yopita kutsogolo, mfundo zokhota za m'mawilo ndi mahabu. Zonsezi zimalemera, zimatha ndipo zimamwetsa mafuta chaka chonse, ngakhale pa msewu wa tala pamene sizikugwira ntchito. Wogula 4x4 amalipira masiku 365 chifukwa cha masiku ochepa a matope. Ndiye funso loyamba si lakuti galimotoyo ndi yolimba kodi, koma lakuti masiku amenewo ndi angati pa munda wanu.

Taganizani za kalendala ya mlimi wa chimanga ndi soya kuno kum'mawa. Zokolola zimapita kumsika kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene misewu ili gwa, fumbi lokhalokha, ndipo Canter iliyonse imafika pakhomo. Feteleza ndi mbewu, kwa mlimi amene anamva zimene timaphunzitsa, zimafika mvula isanayambe. M'miyezi ya matope enieni, Januwale mpaka Malichi, mlimi ameneyu amakhala m'munda. Alibe chogulitsa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ndalama ya dizilo imasowa kwambiri. Katundu wake amayenda pamene 4x4 siifunika, ndipo 4x4 imafunika pamene iye alibe katundu.

Nkhani ndi ina kwa mlimi wa dimba amene amatsata mitengo yabwino ya tomato ndi kabichi m'dzinja, kwa wa mkaka amene sangauze ng'ombe kuti zidikire msewu uume, kwa wa nkhuku amene amafuna chakudya cha nkhukuzo sabata ndi sabata. Ndi inanso kwa abale athu a kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Chama, kumene dothi lakuda limamata ngati ulimbo mvula ikagwa, ndi a kumapiri a ku Vubwi. Kwa amenewa tsiku limodzi losayenda ndi ndalama yotayika yoti n'kuiwerenga.

Choncho tengani kope. Lembani ulendo uliwonse wa chaka chathachi umene munafunikira galimoto: tsiku, katundu, mtunda, ndi ndalama zimene munalipira. Ikani chizindikiro pa maulendo okhawo amene galimoto wamba sikanadutsa. Lembaninso zimene munataya chifukwa chosowa choyendera, ndipo lembani zoona, osati zimene mtima wofuna galimoto ukukuuzani. Ngati zizindikirozo zikukwanira pa zala za manja anu, kuchita hayala pa masiku amenewo, ngakhale pa mtengo wowawa, kudzakhala kotsika kuposa kukhala ndi yanu.

Zimene imadya

Nonse mukukumbukira womanga nsanja wa pa Luka 14, amene anasekedwa chifukwa anathera pa maziko. Galimoto imasiyana ndi nsanja pa chinthu chimodzi: nsanja yosatha imangoima, siipempha kanthu, koma galimoto imadya ngakhale itaima. Msonkho wa msewu, msonkho wa utsi umene umakula molingana ndi kukula kwa injini, inshuwalansi imene lamulo limafuna, ndi kuyezetsa galimoto ku RTSA, zonsezi zimabwera kaya mwayenda kaya simunayende. Batire limafooka, ndipo matayala amang'ambika ndi dzuwa ngakhale asanathe mano.

Ikayenda, tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti munda wanu uli makilomita 40 kuchokera kuboma, ndipo mumapita kamodzi pa sabata. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 80. Pa chaka ndi 4,160. Land Cruiser ya injini ya malita 4.2 imamwa malita 12 kapena kuposerapo pa makilomita 100 alionse, makamaka itanyamula. Ndiye kuti pa chaka mudzafuna malita 500 a dizilo kapena kuposerapo, musanapite kumaliro, kuukwati kapena ku Lusaka. Njinga yamoto yaing'ono, pa maulendo omwewo, ingamwe malita pafupifupi 125 a petulo. Injini zakale za dizilo zimafuna oyilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse, ndipo ya Land Cruiser imeneyi imameza pafupifupi malita 10 nthawi imodzi, kuwonjezapo mafyuluta. Mtengo wa mafuta sindiulemba pano, chifukwa mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuuwunika mwezi ndi mwezi, ndipo kalata ino imakhalitsa m'nyumba zanu kuposa pamenepo. Funsani mtengo wa lero, muchulukitse, kenako musandutse ndalamazo kukhala matumba a chimanga pa mtengo umene munagulitsira chaka chino. Mlimi samva bwino kwacha, amamva matumba. Mukapeza kuti galimoto idzadya zokolola za mahekitala angapo chaka ndi chaka, dzifunseni ngati idzabweza mahekitala amenewo.

Onaninso chimene inganyamule. Vani ya mpando umodzi, yokhala ndi bodi lalitali kumbuyo, imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Matumba 100 ndi maulendo asanu, makilomita 400 pa chitsanzo chathu chija, pamene lole ya matani atatu imatha ntchitoyo kawiri kokha. Koma magalimoto ambiri otsika mtengo amene mumaonetsedwa si mavani. Ndi Surf, Pajero ndi Prado, amene anapangidwira kunyamula anthu, osati chimanga. Mukapinda mipando n'kuikamo matumba 8 kapena 10, yafika kale pamapeto pa mphamvu zake, ndipo masipuling'i akumbuyo adzakuuzani zimenezo pasanathe nyengo imodzi. Ndanena kangapo m'kalasi, ndibwerezanso: mlimi amene akufunadi galimoto ya ntchito ayang'ane yokhala ndi bodi, ngakhale ikhale yosaoneka bwino pa tchalitchi.

Ukalamba uli mitundu iwiri

Chaka chimene galimoto inapangidwa sichinena zonse. Injini zakale za dizilo, monga 3L ndi 5L za Hilux, 1HZ ya Land Cruiser, TD27 ndi TD42 za Nissan, kapena 4JA1 ya Isuzu KB, zimagwiritsa ntchito pampu wamba, zambiri mwa izo popanda kompyuta. Sizithamanga, zimalira mokweza, koma zimapirira, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amazidziwa m'kati ndi kunja. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe, n'chifukwa chake masipeya ake sasowa, komanso n'chifukwa chake mtengo wake sutsika ngakhale itakalamba. Mukaipeza yotsika mtengo kwambiri, funsani chifukwa.

Kuyambira cha mu 2005 kunabwera ma Hilux a injini za D-4D ndi anzake, zimene zimapopera dizilo mwamphamvu kwambiri molamulidwa ndi kompyuta. Zimamwa pang'ono ndipo zimakoka bwino. Vuto lake n'lakuti sizikhululuka dizilo wakuda kapena wamadzi, monga uja wogulidwa m'zigubu pamsika wa kumudzi. Ma injector ake akafa, mtengo wake ungathe ng'ombe, ndipo wowakonza muyenera kukamufuna kutauni yaikulu. Palinso injini zina za turbo za m'zaka za m'ma 1990, monga 2L-T ndi 1KZ zopezeka mu Surf ndi Prado zambiri, zimene zimadziwika ndi kung'ambika hedi zikangotentha mopitirira. Sindikunena kuti ndi zoipa zonse. Ndikunena kuti pa zimenezi madzi ndi rediyeta ndiwo moyo. Za petulo za masilinda asanu ndi limodzi zimagulitsidwa motsika chifukwa eni ake anatopa ndi ludzu lake. Land Rover yakale imanyenga m'njira ina: thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, pamene chassis yachitsulo pansi pake ingakhale itadyeka.

Musanapite n'komwe kukaona galimoto, pitani m'masitolo a masipeya a kuboma kwanu ndi dzina la injini yake. Funsani mtengo wa hedi, wa clutch, wa pampu ya madzi, wa mfundo ya wilo lakutsogolo ndi wa matayala anayi. Funsaninso ngati zilipo pa shelufu kapena n'zoitanitsa. Wogulitsa akayankha kuti “tidzaitanitsa ku Lusaka” pa chilichonse, kumbukirani kuti kuchokera ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo galimoto yanu idzafa m'sabata imene tomato wapsa.

Funsaninso kumene inachokera. Yochokera ku Japan posachedwa, yodzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, kawirikawiri imakhala yosatopa, koma ngati inali kumadera a chipale chofewa, kumene amathira mchere m'misewu, pansi pake pamakhala dzimbiri. Chimodzimodzi zochokera ku Britain. Yogulitsidwa ndi mishoni kapena bungwe lothandiza anthu ingakhale itayenda kwambiri, koma nthawi zambiri ili ndi buku la sevisi, ndipo bukulo ndi lamtengo kuposa utoto watsopano. Imene inkanyamula makala, matabwa kapena mchenga muisiye, ngakhale mwini wake akhale mkulu wa mpingo.

Tsiku lokaona

Musapite nokha, ndipo musapite ndi makaniko amene wogulitsayo wakupezerani. Tengani wanu, mumulipire tsiku lake, ndipo mugwirizane kuti malipirowo ndi omwewo kaya mwagula kaya simunagule. Pitani m'mawa, dzuwa likuwala, ndipo pemphani kuti injini isalizidwe inu musanafike. Mukafika, ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda pamene munapangana kuti ikhale yozizira, mwaphunzira kale kanthu za galimotoyo ndiponso za mwini wake, pakuti injini yotopa imavuta kudzuka m'mawa koma ikatentha imabisa matenda ake.

Musayambe ndi utoto ndi mipando. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yalani saka pansi, mulowe kunsi ndi tochi. Chassis, ndiye msana wachitsulo umene wanyamula galimoto yonse, ndi chinthu chimodzi chimene simungagule m'sitolo. Itsateni kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Funani ming'alu, makamaka pamene masipuling'i amangiriridwa, pamene pali bokosi la chiwongolero, ndi kuseri kwa kanyumba ka woyendetsa, pamene vani yolemetsedwa imapindikira. Funani malo owotcherera, zigamba zachitsulo, ndi utoto wakuda watsopano wopakidwa malo amodzi okha. Gogodani ndi sipanala: chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimati phwa ndipo chimagwetsa makoko. Chassis yothyoka kapena yopindika ndi mapeto a nkhani. Tulukani, sansani fumbi, tsanzikani mwaulemu.

Mukali pansi pomwepo, yang'anani pamene oyilo akudontha. Kunyowa pang'ono pa galimoto ya zaka 20 si chachilendo. Chodetsa nkhawa ndi pansi potsukidwa mbee, chifukwa palibe amene amatsuka kunsi kwa galimoto popanda chifukwa. Makaniko atsegule kachitseko kothirira oyilo pa difu zonse ziwiri ndi pa giyabokosi yogawa mphamvu, aviikemo chala. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti galimotoyo inawoloka mitsinje, madzi analowa, ndipo palibe anasintha. Gwedezani mashafti ndi dzanja, sayenera kugogoda. Onani timatumba tamphira tophimba mfundo za mawilo akutsogolo: tikang'ambika, girizi amatuluka, mchenga umalowa. Werengani masamba a masipuling'i mbali zonse ziwiri, muone ngati pali lothyoka kapena lowonjezedwa.

Tsopano injini, ikali yozizira. Tsegulani rediyeta. Madzi a dzimbiri, kapena okhala ndi mafuta pamwamba, ndi mbiri yoipa. Tsegulani pothirira oyilo, muyang'ane kunsi kwa chitsekocho. Phala loyera pamenepo limatanthauza kuti madzi akukumana ndi oyilo. Funsani ngati thermostat ilimo. Ambiri amaichotsa injini ikayamba kutentha, ndipo kusowa kwake kumakuuzani kuti vuto linalipo ndipo silinachiritsidwe, linangobisidwa. Kenako ilizeni, chitseko cha rediyeta chili chotsegula, ndipo wina aime kumbuyo. Thovu lotuluka m'madzi mosalekeza ndi chizindikiro cha hedi yong'ambika kapena gasket yopsa. Utsi pang'ono poyamba ndi chikhalidwe cha dizilo. Utsi wobiriwira ngati mtambo umene sukutha ndi oyilo akupsa, ndiye kuti injini yatha m'kati. Wakuda bii kawirikawiri ndi wa pampu, ma injector kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka, ndipo umachiritsika, ngakhale si mwaulere. Woyera umene ukupitirira injini itatentha ungakhale madzi. Injini ikulira choncho, masulani chitseko cha oyilo n'kuchisiya pakamwa pake: chikamavina pang'ono palibe kanthu, koma chikamakankhidwa ndi mpweya wautsi, konzekerani kuphwasula injini. Chenjezo limodzi: rediyeta yotentha siitsegulidwa. Madzi ake amasupula nkhope.

Funsani za lamba wa timing. Pa injini zambiri za Toyota zimene tatchulazi amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Wogulitsa akati anasintha koma alibe lisiti, werengerani ngati sanasinthe. Nambala ya makilomita pa wotchi musaikhulupirire yokha, chifukwa imabwezedwa. Yerekezani ndi kutha kwa mphira wa zopondera, kusalala kwa chiwongolero ndi kulowa kwa mpando wa woyendetsa. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi omaliza osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2316 ndi sabata ya 23 ya 2016. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, chifukwa osiyana amavutitsa magiya pamene mawilo onse akukoka.

Poyesa pa msewu, musakhutire ndi kuzungulira msika. Yendani theka la ola, mukwere chitunda, diso lili pa singano ya kutentha. Pa giya yachinayi, mukuyenda pang'onopang'ono, pondani mafuta mwamphamvu. Injini ikakwera mawu koma liwiro osawonjezeka, clutch yatha. Siyani kuponda mafuta potsetsereka, muone ngati giya ikudumpha yokha. Pondani mabuleki, muone ngati ikukokera mbali imodzi. Kenako chokani pa tala, mupite pa mchenga kapena pa dothi lotayirira, mukayese chinthu chimene mukulipirira. Tsekani mahabu ngati ndi otseka ndi dzanja, lowetsani 4H, kenako imani mulowetse 4L. Pa 4L galimoto iyenera kukwawa ngati kamba injini ikulira mokweza. Wina aime panja aone ndi maso kuti mawilo akutsogolo akukumbadi dothi, chifukwa kuyaka kwa kanyali sikutsimikizira kanthu. Pali magalimoto amene akugulitsidwa ndi zilembo za 4x4 pakhomo koma shafti yakutsogolo inachotsedwa kalekale. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, muyende pang'onopang'ono. Kulira kwa “ta-ta-ta” ndi mfundo zakutha. Wogulitsa akafuna kuti muyesere zimenezi pa tala wouma, kanani: magalimoto ambiri a mtundu umenewu salola kukoka ndi mawilo onse pa msewu wogwira, ndipo mukadzagula muzikumbukira zomwezo.

Mapepala

Galimoto yabwino yopanda mapepala abwino ndi mlandu wokhala ndi mawilo. Pemphani white book yeniyeni, osati fotokope. Dzina lili m'menemo lifanane ndi la pa NRC ya amene akukugulitsani. Akati ndi ya amalume ake, amalumewo abwere. Nambala ya chassis ndi ya injini muziwerenge nokha pa chitsulo, chilembo ndi chilembo, ndipo pamalopo pasaoneke popalidwa kapena powotcherera. White book ikakhala “kwa mnzanga,” nthawi zambiri ili kwa wakaloba ngati chikole, ndipo tsiku lina adzafika pakhomo panu. Ife okhala pafupi ndi malire a Mwami ndi Chanida tili ndi chiyeso china: magalimoto a manambala akunja, otsika mtengo chifukwa sanalipiridwe msonkho wa ZRA. Yotere ingalandidwe pa chotchinga cha apolisi chilichonse, ndipo ndalama zanu sizidzabwera. Pitani limodzi ndi wogulitsa kupolisi kuti akatsimikize kuti si yakuba, ndi ku RTSA kuti mukaone ngati ilibe ngongole ya misonkho ndiponso kuti umwini usinthidwe. Kalata yogulitsana ilembedwe pamaso pa mboni, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe dzina lanu litalowa m'buku. Wogulitsa woona mtima sadzakana kudikira masiku ochepa amenewo. Wonena kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, mulekeni wa madzuloyo agule.

Ndalama zake zichokere kuti

Pano ndipo ambiri amagwera, ngakhale amene anasankha galimoto yabwino. Amapereka zonse zimene ali nazo, n'kufika kunyumba ndi thanki ya theka ndi thumba lopanda kanthu, mu Seputembala, feteleza asanagule. Galimoto yakale iliyonse imafuna ndalama m'mwezi woyamba: oyilo yense asinthidwe, mafyuluta, lamba wa timing, mwina batire ndi matayala awiri. Uphungu wanga ndi wakuti mukatha kugula mutsale ndi ndalama zosachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake, zosungidwira galimotoyo basi. Mbewu ndi feteleza wa nyengo ikubwerayi zikhale zili kale m'nyumba, ndipo fizi ya ana ikhale pambali. Ng'ombe zapagoli zisagulitsidwe. Ng'ombe zimalima, zimakoka ngolo m'matope amene 4x4 imatitimira, zimapereka manyowa, ndipo zazikazi zimabereka. Sindinaonepo Pajero itabereka kamwana. Ngati ndalama sizikukwana popanda kukhudza zimenezi, ndiye kuti galimotoyo si yotsika mtengo kwa inu chaka chino, kaya ena akuiona motani.

Palinso mtengo umene sulembedwa pa lisiti. Tsiku limene galimoto idzalowa m'mudzi, mudzakhala ambulansi, mudzakhalanso wonyamula maliro. Anthu adzagogoda pakati pa usiku, ndipo monga Akhristu simudzatseka chitseko pamene mwana akukomoka. Ndi utumiki weniweni, ndipo ena a inu ndi chifukwa chimene mukufunira galimoto, sindikuchinyoza. Koma dizilo wa utumikiwo adzachoka m'munda mwanu. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu musanagule, mugwirizane: odwala mwadzidzidzi tidzawanyamula bwanji, a maliro adzathira mafuta angati, ndani adzaigwira chiwongolero. Nkhaniyo ifikenso kwa a mfumu ndi akulu a mpingo, kuti lamulo likhale lodziwika lisanafike tsiku la misozi, pamene kutchula ndalama kumamveka ngati nkhanza. Woyendetsa akhale ndi laisensi, osati mphwanu amene anaphunzira pa thirakitala. Ndipo amene mukuganiza kuti galimotoyo idzadzilipira yokha ponyamula anthu pa tsiku la msika, dziwani kuti kunyamula anthu molipiritsa kumafuna chilolezo ndi inshuwalansi yakeyake. Ngozi ikachitika mulibe zimenezo, munda ndiwo udzalipira.

Ena amati tigule pagulu, alimi asanu kapena kalabu yonse. Pa pepala n'zanzeru. Zimatheka pokhapokha pali woyendetsa mmodzi, kope limodzi la maulendo, ndi thumba la sevisi limene aliyense amaikamo pa kilomita iliyonse, ngakhale wapampando. Popanda zimenezi galimoto ya gulu imakhala ndi eni ake asanu pa tsiku la ukwati, koma ilibe mwini pa tsiku la oyilo.

Mukandifunsa maganizo anga, kwa ambiri a inu amene mumalima chimanga, soya, mpendadzuwa ndi mtedza, ndipo msewu wanu umadutsika miyezi isanu ndi inayi pa chaka, ndinganene kuti dikirani. Ngolo yabwino ya matayala, njinga yamoto, ndi ubale wabwino ndi mwini Canter zidzakuchitirani ntchito yomweyo, ndipo ndalama zotsalazo zikalowa m'chitsime, m'pampu ya dzuwa kapena m'khola zidzabala. Mundawo ukadzakula mpaka kukhala ndi katundu wa sabata ndi sabata, mwina mudzapeza kuti vani wamba yokoka ndi mawilo awiri, ya matayala abwino, ikukwanira. Koma kwa inu a dimba, a mkaka ndi a nkhuku amene kope lanu ladzaza ndi zizindikiro za matope, amene mwapeza vani ya dizilo wamba, ya chassis yamoyo, ya mapepala oyera, ya masipeya opezeka kuboma kwanu, ndipo feteleza ali kale m'nyumba, gulani, ndipo musachite manyazi ndi utoto wake wosuluka.

Ophunzira amene muli pano nyengo ino, pa tsiku la ntchito zamanja sabata yamawa tidzalowa pansi pa vani ya pasukulu, awiriawiri, kuti aliyense akhudze ndi dzanja lake zimene zalembedwa pamwambapa. Bwerani ndi saka loyala pansi, tochi, ndi zovala zimene simudandaula nazo. Vaniyo ili ndi matenda atatu amene ine ndikuwadziwa. Sindidzakuuzani kuti ali pati.